Tifunseni: Wasiya Mowa Ali M'ndende, Kodi Wachiradi?

Mwezi uno tasankha makalata atatu ochokera ku Chipata, Chadiza ndi Katete, ndipo onse akukhudza abale athu amene mowa kapena chamba zinawafikitsa m'manja mwa boma. Monga mwa nthawi zonse, mayina a olemba tawabisa.

FUNSO: Bambo Mlangizi, ndine mayi wa zaka 54, ndimakhala ku Mchini kuno ku Chipata ndipo ndimagulitsa tomato ndi kapenta pa msika wa Kapata. Mwana wanga wachiwiri, wa zaka 27, anamangidwa atavulaza mnzake ndi botolo pa shabini ina, ndipo khoti linamulamula kukhala m'ndende zaka zitatu. Asanamangidwe ankapalasa njinga yonyamula anthu, koma ndalama zonse zinkathera ku kachasu ndi chamba, moti njingayo anaigulitsa, kenako anayamba kuzembetsa mbale ndi mabulangete a m'nyumba. Tsopano papita miyezi 8, wanenepa, nkhope yasalala, ndipo ndikapita kukamuona amandiuza kuti, "Amama, zija zinatha, mowa sindiukumbukanso." Abambo ake akuti jele yamuchiritsa, tisavutikenso. Ine mtima sukukhazikika, chifukwa anasiyapo kawiri m'mbuyomu. Kodi m'ndende muli chithandizo chenicheni cha anthu otere, nanga ine monga kholo ndichitepo chiyani? Ndine mayi wodandaula, Mchini.

YANKHO: Amayi, ndikupemphani kuti yankholi muwawerengerenso abambo a kunyumba, chifukwa mtima wanu ukukuuzani zoona. Kunenepa ndi kusalala kwa nkhope n'chizindikiro chakuti thupi la mwana wanu lapuma, popeza munthu akaleka kumwa amayamba kudya ndi kugona bwino, ndipo chiwindi chimachira ngati chinali chisanawonongeke kwambiri. Chimene chimachedwa kutha ndi chibaba, chija chimam'gwira munthu pakhosi akamva fungo la kachasu, akaona anzake akale atakhala pa benchi, kapena akagwira K50 m'manja dzuwa likulowa. M'ndende zinthu zimenezi n'zosowa, motero chibaba chimagona tulo, ndipo mwana wanu sakunama akamati mowa saukumbuka. Adzaukumbuka tsiku limene adzadutse njira ya ku shabini ija, pakuti akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Mukumbukire kuti mu 2012 boma linaletsa tujilijili m'dziko lonse, timapaketi tija tinasowadi m'magolosale, koma amene anali ndi ludzu lake anangosamukira ku timabotolo ndi ku kachasu. Ndende imachita chimodzimodzi kwa munthu mmodzi: imachotsa botolo pamaso pake, ludzu n'kulisiya pomwepo. Miyezi yotsalayi ndiyo nthawi yokumba khwawa lina, ndipo ntchito imeneyo imafuna anthu oigwira.

Ndisanafike ku zimene mungachite, mundilole ndinenepo za masiku oyambirira, ngakhale kuti mwana wanu anawadutsa kale, chifukwa pakati pa owerenga tsamba lino pali makolo amene ana awo angomangidwa dzulo. Munthu amene wakhala akumwa mowa wambiri tsiku ndi tsiku akaudula mwadzidzidzi, monga mmene zimakhalira akamutsekera m'chitokosi cha apolisi kapena pa rimandi, thupi lake limasokonezeka. Pakadutsa maola 6 mpaka 24 amayamba kunjenjemera manja, kutuluka thukuta, kusanza ndi kusowa tulo. Ena amagwa n'kuphupha ngati a khunyu m'masiku awiri oyamba, ndipo pa tsiku lachitatu kapena lachinayi ena ochepa amafika potentha thupi, kubwebweta ndi kuona zinthu zimene palibe. Madokotala amawatcha matenda amenewa delirium tremens, ndipo amapha munthu akapanda kuthandizidwa.

Zaka zingapo zapitazo, pamene ndinkayendera akaidi ndi gulu la kumpingo m'ndende ina ya m'chigawo chino, ndinapeza bambo wina wa msinkhu wanga atadzipanikiza pakona, akukutumula buluku lake n'kumakuwa kuti linthumbu likum'kwera m'miyendo, pamene pansi panali simenti yosesedwa bwino. Anzake a m'chipindamo anali atagwirizana kale kuti walodzedwa ndi amene anam'mangitsa, ndipo wina anali atam'manga kansanza pamkono. Kapitawo wa chipindacho ndiye anakumbukira kuti bamboyo anafika Lachisanu akununkha kachasu, ndipo tsikulo linali Lolemba. A zachipatala atam'patsa diazepam ndi vitamini B1, mankhwala amene amaperekedwa pa vutoli, pasanathe mlungu anali atakhala tsonga akudya nsima, osakumbukanso za linthumbu. Choncho m'bale wanu akamangidwa, musachite manyazi kuuza wapolisi kapena ofesala wolandira akaidi kuti munthuyu amamwa tsiku lililonse, amamwa wochuluka bwanji, ndiponso anamwa komaliza liti. Ngati ali pa ma ARV, pa mankhwala a TB kapena a khunyu, munenenso tsiku lomwelo ndipo mupereke khadi lake la kuchipatala. Chamba sichifika poika moyo pachiswe motere. Wochileka amangokhala waukali, sagona, safuna chakudya ndipo amalota zoopsa, koma zimenezi zimazilala pakatha milungu iwiri kapena itatu.

Tsopano ku funso lanu lenileni. Mu 2016, pamene malamulo aakulu a dziko anasinthidwa, dzina la bungwe loyendetsa ndende lakuti Zambia Prisons Service linachoka ndipo kunabwera Zambia Correctional Service, kenako mu 2021 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano loyendetsera ndende m'malo mwa lakale lija. Cholinga cholembedwa n'chakuti munthu azituluka atawongoka. M'ndende zathu, kuphatikizapo ya Namuseche kuno ku Chipata, muli maofesala a gawo lotchedwa Offender Management amene amaona za kusintha khalidwe kwa akaidi, muli abusa, muli maphunziro a sukulu ndi ntchito zamanja monga ukalipentala, kusoka ndi ulimi. Bungwe la Drug Enforcement Commission, limene linakhazikitsidwa mu 1989, ambiri timalidziwa pa kugwira anthu a chamba pokha, koma lili ndi gawo la maphunziro ndi uphungu, ndipo ofesi yake ya chigawo cha Kum'mawa ili mu Chipata momwe muno. Palinso mabungwe omwe si aboma, monga Prisons Care and Counselling Association ndi Prison Fellowship Zambia, amene amagwira ntchito ndi akaidi komanso otuluka.

Komabe ndingakunamizeni nditanena kuti mkaidi aliyense amalandira chithandizo chimenechi. Ndende za m'dziko lino zakhala zikusunga anthu oposa kawiri chiwerengero chimene zinamangidwira, aphungu odziwa bwino za uchidakwa ndi ochepa, ndipo maso a maofesala amathamangira kwa odwala ndi ovutitsa. Mkaidi wofatsa ngati mwana wanu, amene amadzuka, kupita ku munda n'kubwerako popanda mlandu, angathe kumaliza chilango chake chonse popanda wina kum'funsa za mowa ngakhale kamodzi. Pamenepa mpamene pali ntchito yanu. Tsiku lokamuona, mupemphe mwaulemu kuonana ndi ofesala wa Offender Management kapena abusa a m'ndendemo, muwafotokozere mbiri yonse kuyambira chaka chimene anayamba kumwa, kawiri kaja anasiya ndi mmene anabwererera, kenako mupemphe kuti dzina lake lilembedwe pa uphungu ndi pa ntchito yamanja imodzi. Simukupempha chifundo chapadera ayi. Malamulo a bungwe la United Nations okhudza kasungidwe ka akaidi, amene anavomerezedwa mu 2015 n'kutchedwa dzina la Nelson Mandela, amanena kuti mkaidi azilandira chithandizo cha zaumoyo chofanana ndi cha anthu a kunja, ndipo amatchula vuto la mankhwala ozunguza bongo pamodzi ndi HIV ndi TB.

Mupemphenso kuti a zachipatala amuunike maganizo. Achinyamata ambiri amene ndakhala nawo pansi ankamwa pofuna kuziziritsa kanthu kena, kaya chisoni chosatha, mantha, kapena mawu amene ankawamva m'mutu, ndipo chamba chosuta kuyambira munthu ali wamng'ono chimatha kudzutsa matenda a misala mwa ena. Pakaoneka zizindikiro zotere, mkaidi angatumizidwe ku gawo la matenda a maganizo pa Chipata Central Hospital, ndipo odwala kwambiri amafika mpaka ku Chainama Hills ku Lusaka.

Inunso musinthe mafunso amene mumam'funsa pa waya paja. Mukam'funsa ngati wasiya, yankho lake mumalidziwa kale. M'funseni kuti ulendo wachiwiri uja, atakhala osamwa kwa kanthawi, botolo loyamba analimwa tsiku lanji, ali ndi yani, atakwiya ndi chiyani, ndalama ataitenga kuti. Akayamba kuyankha mafunso otere mosabisa, mudziwe kuti wayamba kuona khwawa lake. Za katundu amene mumam'tengera, mudziwe kuti m'ndende sopo, shuga ndi fodya ndizo ndalama, ndipo kulibe dziko limene linakwanitsa kutsekereza chamba kunja kwa mpanda wa ndende kotheratu. Muzim'patsa zokwanira iye mwini, ndipo akayamba kupempha mapaketi a shuga ochuluka mosadziwika bwino, mufunse chifukwa chake. Phukusi lochokera kwa anzake a ku shabini musalinyamule musanalimasule, chifukwa likapezeka ndi kanthu pachipata, womangidwa ndinu.

Chomaliza ndi tsiku lotuluka, limene lili pafupi kuposa mmene mukuganizira. Kawirikawiri mkaidi wa khalidwe labwino amachotseredwa gawo limodzi mwa magawo atatu a chilango chake, kutanthauza kuti pa zaka zitatu angakhalemo ziwiri, ndipo mwatsala ndi miyezi pafupifupi 16. Milungu iwiri yoyambirira munthu atatuluka ndiyo yoopsa kwambiri, chifukwa thupi limakhala litaiwala muyezo wake wakale pamene mutu ukuukumbukabe. Kachasu amene kale ankangom'sangalatsa angathe kum'gwetsa, ndipo kwa ogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo monga heroin kapena codeine muyezo wakale ungathe kupha. Mukam'tenge nokha pachipata, inu kapena amalume ake. Phwando lom'landira likhale la nkhuku ndi thobwa losasasa, ndipo achibale muwauziretu kuti chibuku chisaoneke pakhomo. Ngati n'kotheka asayambe msanga kupalasa njinga, pakuti ntchito imeneyo imaika ndalama m'thumba madzulo alionse, pa ola lomwelo limene anazolowera kumwa. Bwino akayambe pa kalipentala kapena ku dimba la wachibale kumene malipiro amabwera pa mwezi, ndipo tsiku loyamba la uphungu likhale litapanganidwa kale asanatuluke. Banja la mnyamata amene anavulazidwa uja musaliiwale. Mutume akuluakulu akayambe kulankhula nalo panopa, mwana wanu asanakumane nalo pa msika.

FUNSO: Bambo Mlangizi, mwana wa mlongo wanga wa zaka 16, amene ali mu Giledi 10, anagwidwa ndi timapepala titatu ta chamba ndi botolo la mankhwala a chifuwa amene akuti amamwa kuti aledzere. Monga malume wake ndatopa naye, ndipo ndikufuna kukauza akhoti kuti am'tsekere chaka chimodzi kuti aphunzire. Kodi ndikulakwitsa? Ndine malume, Chadiza.

YANKHO: Amalume, kutopa kwanu ndikukumvetsa, koma maganizo amenewo muwabweze. Mnyamata wa zaka 16 akakhala pakati pa anthu amene anazama kale m'milandu amaphunziradi, koma zimene amaphunzira ndi mitengo ya chamba, njira za m'malire a Malawi ndi Mozambique, ndi mayina a ogula. Lamulo la ana la Children's Code la 2022 limati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, limafuna kuti ofesala wa Social Welfare akhalepo pa mlandu wake, ndipo limatsegula njira yakuti mwana wopalamula apatutsidwe ku khoti n'kuikidwa pa uphungu ndi kuyang'aniridwa ali kwawo. Zikavuta, ana amatumizidwa ku sukulu zowongolera khalidwe monga Katombora kufupi ndi Livingstone kapena Nakambala ku Mazabuka, ndipo inu mukudziwa kutalika kwa ulendo wochoka ku Chadiza kukafika kumeneko. Mwana amene achibale sangathe kumuyendera amakula ndi maganizo akuti anatayidwa.

Mlanduwu musaupeputse. Pansi pa lamulo lakale la 1993, munthu wopezeka ndi chamba choposa magalamu 0.5 ankatengedwa ngati wogulitsa, ndipo ngakhale kuti mu 2021 kunabwera malamulo atsopano, chilolezo cholima chamba chimene anthu anamva pa wailesi n'cha mankhwala ndi kafukufuku chabe. Kusuta kudakali mlandu. Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi botolo lija. Mankhwala ena a chifuwa amakhala ndi codeine, amene ali m'banja limodzi ndi heroin, ndipo thupi limawazolowera msanga, n'kumafuna ochulukirapo mwezi uliwonse. Mupite kwa ofesala wa Social Welfare wa m'boma lanu, munene kuti inu monga mwini mbumba mwakonzeka kumusunga, kum'perekeza ku uphungu ndi kum'bwezera ku sukulu, ndipo mufufuze amene amam'gulitsa mankhwalawo.

FUNSO: Bambo Mlangizi, ndine mkulu wa mpingo ndipo gulu lathu limapita kukalalikira akaidi kawiri pa mwezi. Ambiri amalapa, kulira ndi kulonjeza kusiya mowa, koma akatuluka timawapezanso m'mashabini, ena n'kubwereranso m'ndende. Anzanga ena akuti sanatembenuke mtima zenizeni. Kodi tingawathandize bwanji koposa kulalikira? Ndine mkulu wa mpingo, Katete.

YANKHO: Akulu a mpingo, misozi imene mumaiona ija ndi yeniyeni, ndipo anzanuwo asaweruze msanga. Munthu amatha kufunitsitsa kusiya Lamulungu m'mawa, n'kugonja Lachitatu madzulo, popanda chinyengo chilichonse mumtima mwake, pakuti kugwanso ndi mbali yodziwika ya matendawa, monga mmene shuga amakwereranso mwa wodwala amene anali atayamba kupeza bwino. Ulaliki upitirire, koma mupemphe chilolezo kwa akuluakulu a ndende kuti ukatha muzitsala ndi kagulu ka anthu 8 kapena 10, omwewo nthawi zonse, atakhala mozungulira, inu n'kumalankhula pang'ono.

Kulankhula pang'onoku n'kovuta kwa ife ozolowera guwa, koma kuli ndi maziko. Katswiri wa maganizo wa ku America, William Miller, analemba mu 1983 za njira yocheza ndi zidakwa imene inadzatchuka ndi dzina lakuti motivational interviewing, ndipo mtima wake ndi wakuti munthu amakhulupirira kwambiri zifukwa zimene zatuluka m'kamwa mwake kuposa zimene wauzidwa. Mukamuuza kuti mowa ndi woipa, amayamba kuuteteza mumtima. Mukam'funsa chimene mowa unkam'patsa, n'kumumvetsera osam'dula, kenako n'kum'funsa chimene unam'landa, iye mwini amatchula mkazi amene anachoka, ng'ombe ziwiri zimene anagulitsa, ndi mwana amene sanapite ku sekondale. Gulu la Alcoholics Anonymous, limene linayamba mu 1935 ku America, linakula pa chinthu chinanso chimene mungabwereke: chidakwa chimamvera msanga mnzake amene anadutsa momwemo. Choncho mufunefune mkaidi wa chilango chachitali amene anali womwa kwambiri ndipo anzake amamulemekeza, mum'phunzitse kutsogolera kaguluko, chifukwa inu mumabwera kawiri pa mwezi pamene iye amagona nawo masiku onse. Kuti mudziwe amene vuto lake ndi lalikulu, bungwe la World Health Organization lili ndi mafunso 10 otchedwa AUDIT, amene anamwino kapena aphungu angakuphunzitseni kufunsa kwake, ndipo amene apezeka kuti anazama kwambiri muwapereke kwa a zachipatala.

M'kagulumo muziyeserera zinthu zenizeni za kumudzi. Wina akhale mnzake wakale amene akum'kokera ku mowa wa pamaliro kapena wa pambuyo pokolola, winayo ayese kukana, abwereze mpaka mawu okanira azituluka okha. Aliyense atchule anthu atatu, malo atatu ndi nthawi ya tsiku imene imam'gwetsa, ndipo anene kumene adzathawire chibaba chikadzam'gwira, podziwa kuti chimakwera n'kutsika chokha ngati munthu wachedwetsa kumwa n'kupeza chochita. Zimene zanenedwa m'kagulumo zisatuluke, ngakhale mu umboni wa kutchalitchi.

Pomwe mipingo yambiri imalephera ndi pachipata. Mumam'dziwa munthu miyezi 18 ali mkati, koma m'mawa umene akutuluka ndi kathumba ka pulasitiki m'manja, amene amam'peza poyamba ndi mnzake wa ku shabini, amene sachedwa ndiponso safunsa mafunso. Mupemphe maofesala kuti azikudziwitsani masiku otulukira a anthu a m'kagulu kanu, ndipo aliyense mum'patse munthu mmodzi wa mumpingo wa kwawo, wodziwika dzina, amene adzam'dikire panja ndi ndalama ya basi, kum'fikitsa kwa anyakwawa ndi kwa achibale, ndi kumuona kamodzi pa mlungu kwa miyezi itatu yoyamba. Mumuuziretu munthu ameneyo kuti akadzam'peza ataledzera asam'lalatire kapena kukam'neneza ku mpingo. Adzabwerenso m'mawa mwake matsire atatha, am'funse kuti zinayamba bwanji dzulo, ndipo apite naye limodzi kukaonana ndi phungu mlungu womwewo.